Kaundula wa Omangidwa ku America Ali Ngati Moto Wopala kwa Mnansi

Ku America, munthu akamangidwa madzulo, nthawi zambiri kumacha dzina lake lili kale poyera. M'makaunti ambiri a dzikolo, aliyense wokhala ndi foni angathe kutsegula tsamba la pa intaneti la ofesi ya sherifu n'kuona amene alowa m'ndende usikuwo: dzina, zaka zakubadwa, mlandu umene akumuganizira, ndalama ya belo, ndipo m'madera ambiri ndi chithunzi cha nkhope chomwe. Sipafunika kuti ukhale loya, mtolankhani kapena wachibale. Lamulo la kumeneko limati zolemba za boma ndi za anthu onse, ndipo kaundula wa omangidwa ndi chimodzi mwa zolembazo. Dongosolo limeneli lateteza anthu ambiri ku nkhanza za apolisi, koma lawonongeranso moyo anthu ochuluka amene khoti silinawapezepo olakwa.

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo zigawozo zinagawidwanso m'makaunti oposa 3,000, omwe ndi ofananako ndi maboma athu monga Dedza kapena Mangochi. Pafupifupi kaunti iliyonse ili ndi sherifu wake. Ameneyu si uja wolanda katundu wa angongole amene timamudziwa kuno, koma mkulu wa chitetezo wosankhidwa ndi anthu pa voti, ndipo m'malo ambiri ndiye amayang'anira ndende ya kaunti. Ndendeyi ndi yosiyana ndi ndende zikuluzikulu za chigawo, kumene kumapita anthu opezeka olakwa pa milandu yaikulu. Ya kaunti imasunga amene angogwidwa kumene, amene ali pa rimandi chifukwa chosowa ndalama ya belo kapena kukanizidwa belo, ndi ogamulidwa kukhala nthawi yochepa, kawirikawiri yosapitirira chaka. Mu 2019 mokha, ndende zoterezi zinalemba olowa okwana 10.3 miliyoni, ndipo mwa anthu atatu alionse amene anali m'menemo, awiri anali asanapezeke olakwa.

Munthu akafika pandendepo, amamulemba m'kaundula. Amalemba dzina, tsiku lobadwa, msinkhu, malo ndi nthawi imene wagwidwa, ndi mlandu umene wapolisi wanena. Amamudinda zala, amamujambula nkhope, amamulanda za m'thumba n'kumupatsa nambala. Zonsezi zimachitika woweruza asanamuone, mboni isanalumbire, iye mwini asanayankhe kanthu. Tsono kaundula ameneyu sanena kuti munthuyo waba kapena wamenya. Amangonena kuti tsiku lakutilakuti, wapolisi wina anaona kuti pali chifukwa chomugwirira. Mwina m'mawa mwake woimira boma pa milandu aona kuti palibe umboni, munthuyo n'kubwerera kwawo. Koma dzina lalembedwa kale.

Kuti tilimvetse dongosololi, tikumbukire mwambo wopala moto. Machesi asanafale m'midzi, ndipo ngakhale lero m'madera ena, mayi akadzuka n'kupeza pamafuwa patazizira, amatuma mwana ndi phale ku nyumba imene ikufuka utsi. Palibe amene amamana mnzake moto. Mwini nyumba safunsa kuti ukaphikire chiyani, salipiritsa, ndipo moto wake suchepa chifukwa wina wapalako. Wakoleza ndi mmodzi, koma motowo ndi wa mudzi wonse. Nyumba imene ingayambe kutseka chitseko kuti anthu asapale moto, mudzi ungaidabwe n'kuyamba kufunsana kuti m'menemo mukuchitika chiyani. Ofesi ya sherifu ndiyo nyumba yokoleza ija, kaundula ndiye motowo, ndipo nzika iliyonse ili ndi ufulu wobwera ndi phale lake.

Ufulu umenewu sunachokere ku lamulo limodzi. Lamulo lotchuka la Freedom of Information Act, limene Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina mu 1966, limangokhudza maofesi a boma lalikulu la ku Washington. Zolemba za makaunti zimayendera malamulo a chigawo chilichonse, n'chifukwa chake ukawoloka malire a chigawo phale limadzaza mosiyana. Ku California, apolisi amayenera kuulula dzina la womangidwa, ntchito yake, nthawi ndi malo ogwidwira, kumene akusungidwa, mlandu ndi belo. Ku Florida chitseko ndi chotsegula kwambiri: lamulo lawo la zolemba za boma linayamba mu 1909, ndipo mu 1992 anthu anavota kuti ufuluwu ulowe m'malamulo aakulu a chigawocho. Wopempha safunika kutchula dzina lake ngakhale chifukwa chake. Nkhani za milandu yodabwitsa ya ku Florida zimamveka kwambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti atolankhani amazipeza mosavuta. Ku Virginia ufuluwu ndi wa nzika za chigawocho ndi atolankhani ofalitsa nkhani m'menemo, ndipo Khoti Lalikulu la dzikolo linavomereza malire amenewa mu 2013. Za ana osakwana zaka 18 zimabisidwa m'zigawo zambiri.

Phindu loyamba la moto ndi kuwala. Boma limene lingathe kugwira munthu popanda kulemba pamalo poti aliyense angawerenge, lingathenso kumusowetsa. Amalawi amene anaona ulamuliro wa chipani chimodzi akudziwa: munthu ankatengedwa usiku, banja n'kumayendayenda m'mapolisi osauzidwa kanthu, mwina n'kudzamva patapita nthawi kuti ali ku Mikuyu. Malamulo aakulu a dziko lathu a mu 1994 anaika malire a maola 48 kuti womangidwa akaonekere kukhoti. Ku America nakonso, Khoti Lalikulu linagamula mu 1991, pa mlandu wochokera ku kaunti ya Riverside ku California, kuti munthu akagwidwa popanda chikalata cha khoti, woweruza aunike chifukwa chake pasanathe maola 48. Nanga maolawo tingawawerenge bwanji ngati nthawi yogwidwira sinalembedwe poyera? Kaundula anatsegulidwa kuti anthu aziona zochita za wogwira, si kuti azinyoza wogwidwa.

Kumene kuwalako kwachepa, zoipa zimachitika. Mu 2015 nyuzipepala ya The Guardian inaulula za nyumba ya Homan Square ku Chicago, kumene apolisi ankasunga anthu n'kumawafunsa mafunso abale ndi maloya awo asakudziwa kumene ali. Apolisi anakana kuti malowo ndi achinsinsi, koma nyuzipepalayo itawatengera kukhoti pogwiritsa ntchito lamulo la zolemba za boma, zikalata zawo zomwe zinaonetsa kuti anthu oposa 7,000 anadutsa m'menemo m'zaka pafupifupi 11, ndipo amene zinalembedwa kuti anaonana ndi loya anali 68 okha. Chaka chomwecho ku Texas, mayi wa zaka 28, Sandra Bland, anaimitsidwa pamsewu pa 10 July chifukwa chosayatsa indiketa. Anamangidwa, ndipo patapita masiku atatu anapezeka atafa m'chitokosi cha ndende ya kaunti ya Waller. Vidiyo ya m'galimoto ya apolisi ndi zolemba za ndende zinatulutsidwa, oyendera ndende anapeza kuti alonda sankazonda akaidi ola lililonse monga lamulo limafunira, wapolisi amene anamugwira anachotsedwa ntchito, ndipo mu 2017 chigawo cha Texas chinakhazikitsa lamulo latsopano lotchedwa dzina la mayiyo.

Atolankhani a Reuters anachita ntchito ina yaikulu ndi phale lomweli. Analemba makalata oposa 1,500 opempha zolemba, ndipo mu 2020 anasindikiza kuti anthu 7,571 anafera m'ndende zoposa 500 za makaunti ndi mizinda kuyambira 2008 kufika 2019. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anafa asanapezeke olakwa pa mlandu umene anagwidwira. Boma lalikulu linali lisanaululepo ziwerengerozo ndende ndi ndende. Chikhala kuti zitseko za masherifu zinali zotseka, mabanja a anthuwo akanalira aliyense payekha, osadziwa kuti vutoli ndi la dziko lonse.

Kaundula wotsegula samasankhanso nkhope. Pa 24 August 2023, Donald Trump, amene panthawiyo anali pulezidenti wakale, anajambulidwa pa ndende ya kaunti ya Fulton ku Atlanta, ndipo ofesi ya sherifu inatulutsa chithunzicho monga imachitira ndi wina aliyense. Kaundula amasunganso mbiri ya dziko. Chithunzi chotchuka cha Rosa Parks atagwira nambala 7053 chinajambulidwa mu February 1956, pamene iye, Martin Luther King ndi anzawo ambiri anamangidwa chifukwa chotsogolera anthu akuda kunyanyala mabasi a tsankho ku Montgomery. Zithunzizo zinapezeka mu 2004 m'nyumba ya ofesi ya sherifu wa kaunti ya Montgomery. Zinajambulidwa kuti zikhale umboni wa kulakwa kwa ogwidwawo, koma lero ndi umboni wa kulakwa kwa boma limene linawagwira.

Ndiye vuto lili pati? Lili pa kanyamulidwe ka motowo. Moto wa m'phale umayenda pang'onopang'ono. Mwana amaunyamula mosamala, amafika nawo ku nyumba imodzi, ndipo akachedwa panjira khalalo limazima. Kale kaundula ankayenda chonchi. Wofuna kudziwa ngati munthu wina anamangidwapo ankayenera kudziwa kaunti imene zinachitikira, kuyenda ulendo, kukadikira pa ofesi, n'kusanthula mafayilo amapepala. Ankavutika chotere ndi amene anali ndi chifukwa chenicheni: mayi wofuna mwana wake, loya, mtolankhani. Nyuzipepala ya m'tauni inkatha kulemba mayina a ogwidwa, koma pakatha sabata inali itatayidwa. Munthu amene anagwidwa ali mnyamata ankatha kusamukira kwina, kukwatira, kupeza ntchito, nkhaniyo n'kuiwalika. Lamulo silinkamubisa. Kutalika kwa ulendo ndi kupita kwa nthawi ndiko kunkamuteteza.

Khoti Lalikulu linazindikira zimenezi mu 1989. Mtolankhani wa nyumba youlutsa mawu ya CBS ndi bungwe la Reporters Committee for Freedom of the Press anapempha FBI, nthambi ya boma lalikulu yofufuza milandu, kuti iwapatse mbiri yonse ya milandu ya munthu wina wamalonda. Iwo ankati palibe chobisa, popeza chilichonse chimene chinali m'mbirimo chinali kale poyera m'makhoti ndi m'mapolisi osiyanasiyana. Khoti linawakanira. Linati zolemba zomwazikana m'makaunti, zimene munthu angazipeze atafufuza mwakhama, ndi zosiyana kwambiri ndi mbiri imene yasonkhanitsidwa pamodzi mu kompyuta. Makala ali m'nyumba zosiyanasiyana ndi moto wophikira, koma ukawaunjika pamalo amodzi amatentha mwina. Komatu chigamulocho chinangokhudza zolemba za boma lalikulu. Zitseko za makaunti zinakhalabe zotsegula, ndipo panalibe choletsa munthu wamba kuyenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa makalawo.

Intaneti itabwera, zinali ngati mphepo ya m'chilimwe yapeza udzu wouma. Masherifu anayamba kuika kaundula pa masamba awo, ambiri ndi cholinga chabwino chakuti abale asamavutike kuimba foni. Pomwepo panatulukira makampani okhala ndi mapulogalamu a kompyuta amene amayendera masamba a makaunti usana ndi usiku, n'kumakopera dzina lililonse ndi chithunzi chilichonse. Sherifu angathe kuchotsa dzina pa tsamba lake munthu akatuluka, koma makampaniwo amakhala atatenga kale. Amenewa ali ngati wosaka mbewa amene amapala moto mwaulemu ngati wina aliyense, koma sapita nawo kukhitchini. Amakautaya m'tchire kuti apeze ndiwo zake, ndipo nkhokwe za eni zikapsa iye alibe nazo kanthu. Munthu amene anagona m'chitokosi usiku umodzi amapezeka kuti aliyense wolemba dzina lake pa Google, choyamba kuona ndi nkhope yake ya kupolisi.

Ena anafika pogulitsa madzi kwa anthu amene iwo omwe awayatsira tchire. Ankaika chithunzi pa tsamba lawo, ndipo mwini nkhope akadandaula ankamuuza kuti alipire madola mazana angapo kuti achichotse. Akalipira, chithunzi chomwecho chinkatulukira pa tsamba lina, nakonso n'kufuna ndalama. Mu 2018 mkulu wa zamalamulo ku California, Xavier Becerra, anatsegulira milandu amuna anayi amene ankawaganizira kuti ndi eni tsamba la Mugshots.com, ponena kuti m'zaka zitatu anatolera madola oposa 2 miliyoni kwa anthu oposa 5,000 m'dziko lonselo. Olipirawo sankagula chilungamo. Ankagula mpata woti apeze ntchito kapena nyumba ya lendi, ndipo wosauka amene analibe ndalamayo nkhope yake inkangokhala pomwepo.

Si makampani obisala okha amene anachita izi. Nyuzipepala zambiri zinali ndi masamba ongoonetsa nkhope za omangidwa, popanda nkhani iliyonse, chifukwa anthu ankakonda kuwaona ndipo otsatsa malonda ankalipira. Masherifu ena nawonso anaona kuti kuchititsa anthu manyazi kumabweretsa mavoti. Joe Arpaio, amene anali sherifu wa kaunti ya Maricopa ku Arizona kuyambira 1993 kwa zaka 24, anaika makamera m'ndende mu 2000 kuti dziko lonse lizionera pa intaneti anthu amene angogwidwa kumene. Khoti la apilo linagamula mu 2004 kuti kumeneko ndi kulanga munthu asanaweruzidwe. Pambuyo pake ofesi yake inayambitsa mpikisano woti anthu azivotera chithunzi cha womangidwa chimene chawasangalatsa tsiku limenelo. Apa moto sunkaunikiranso zochita za boma. Boma lenilenilo ndilo linkauponya padenga la munthu.

Chowawa kwambiri n'chakuti mbiri imene imafalikirayo imakhala yoduka. Kumangidwa kumalembedwa tsiku lomwelo ndi ofesi ya sherifu, koma mathero a mlandu amalembedwa patapita miyezi ndi ofesi ina, ya khoti, ndipo nthawi zambiri ziwirizi sizikumana. Bungwe la National Employment Law Project linanena mu 2013 kuti pafupifupi theka la mbiri za milandu zimene FBI imasunga sizionetsa mmene mlandu unathera. Wolemba anthu ntchito akafufuza, amaona kuti munthuyu anagwidwa chifukwa chomuganizira kuba, koma saona kuti khoti linamumasula. Ambiri safunsanso; amangotenga wotsatira pamzere. Katswiri wina wa pa University of Minnesota, Christopher Uggen, ndi anzake anatumiza anyamata kukafunsira ntchito m'malo ambiri, ena akuulula kuti anagwidwapo pa kamlandu kakang'ono kamene sikanafike pa chigamulo. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2014, zinaonetsa kuti ngakhale kamlandu kotero kanachepetsa mwayi woitanidwa. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma ankanena mlandu weniweni. Apa chimene sichikuwola ndi mlandu umene sunakhalepo n'komwe.

Makhoti sanafulumire kuwamvera chisoni anthu otere. Chakumapeto kwa 1972, akuluakulu a apolisi a mzinda wa Louisville ndi kaunti ya Jefferson ku Kentucky anagawira eni masitolo pafupifupi 800 kapepala kokhala ndi mayina ndi zithunzi za anthu amene anawatchula kuti ndi mbava za m'masitolo. Mmodzi mwa iwo anali wojambula zithunzi wa nyuzipepala, amene mlandu wake unali usanazengedwe ndipo unathetsedwa kapepalako katangotuluka. Bwana wake anamuitana kumufunsa za nkhaniyo. Iye anasuma, koma mu 1976, pa mlandu wa Paul v. Davis, Khoti Lalikulu linagamula kuti kuipitsidwa kwa mbiri pakokha sikuphwanya ufulu umene malamulo aakulu a dzikolo amateteza. Chigamulo chimenechi chinasiya anthu ambiri opanda pothawira kwa zaka zochuluka.

Pajatu moto umapita kumene kwatsala tchire. Wolemera akagwidwa amatuluka pa belo tsiku lomwelo, amalemba loya, ndipo ali ndi njira zoyeretsera dzina lake. Wosauka amakhala pa rimandi, ntchito n'kutha ali m'kati, ndipo akatuluka amapeza nkhope yake itamutsogolera kulikonse kumene akupita. Anthu akuda ndi pafupifupi 13 pa 100 alionse a ku America, koma mu 2019 anali oposa 26 pa omangidwa 100 alionse. Masamba a zithunzi akamadzaza nkhope zakuda tsiku ndi tsiku, woonera amayamba kukhulupirira kuti umbava uli ndi khungu lake. Ndi chifukwa chimenechi chimene mkulu wa apolisi ku San Francisco, Bill Scott, anapereka mu July 2020 pamene analeka kutulutsa zithunzi za omangidwa, kupatula pamene pali ngozi kwa anthu kapena akufuna thandizo lopezera munthu.

Pali njira yakale yothandizira: munthu amapempha khoti kuti lifufute mbiri yake kapena liitsekere. Koma kuthira madzi pamafuwa a mwini nyumba sikuzimitsa tchire limene layaka kale. Khoti lingathe kulamula sherifu, koma makope amene ali m'makompyuta a makampani amakhalabe. Njirayo ndi yovutanso: mafomu, malipiro, zidindo za zala, masiku opita kukhoti. Akatswiri awiri a zamalamulo a pa University of Michigan, J.J. Prescott ndi Sonja Starr, anapeza kuti mwa anthu a ku Michigan amene lamulo linkawalola kufufuta chigamulo chawo chakale, osakwana 7 pa 100 alionse ndiwo anachita zimenezo m'zaka zisanu. Amene anakwanitsa, malipiro awo anakwera ndi ndalama zoposa 22 pa 100 zilizonse m'chaka chimodzi, makamaka chifukwa ambiri anapeza ntchito. Zikuonetseratu kuti chimene chinkawatsekereza sichinali ulesi, koma pepala.

Mudzi wanzeru suletsa kupala moto chifukwa tchire lapsa. Umalambula kuzungulira nkhokwe ndipo umadzudzula wotentha tchire. Zigawo za America zayamba kulambula. Georgia inakhazikitsa lamulo mu 2013 lakuti tsamba lichotse chithunzi kwaulere pasanathe masiku 30 ngati mlandu wa wopemphayo unathetsedwa kapena anamasulidwa. Chaka chomwecho Google inasintha kafufuzidwe kake kuti masamba otere asamabwere pamwamba, ndipo makampani a makhadi olipirira monga MasterCard anasiya kuwathandiza kulandira ndalama. Pennsylvania inapita patsogolo mu 2018 ndi lamulo la Clean Slate: makompyuta a makhoti amatsekera okha milandu imene sinathere pa chigamulo chopeza munthu wolakwa, mwini wake osapempha, osalipira, pamene apolisi ndi makhoti amathabe kuiona. Milandu yoposa 30 miliyoni inatsekeredwa motero. California inaletsa apolisi mu 2021 kuika pa Facebook ndi masamba ena a mchezo zithunzi za oganiziridwa milandu yopanda chiwawa. Kampani ya nyuzipepala ya Gannett inachotsa masamba ake a zithunzi mu 2020, ndipo Associated Press inasiya mu 2021 kutchula mayina pa milandu ing'onoing'ono imene sidzaitsatira mpaka mathero. Mu September 2024, khoti la apilo linapeza kuti kaunti ya Maricopa ija ingathe kuimbidwa mlandu wolanga munthu asanaweruzidwe poika chithunzi chake pa intaneti, ndipo ofesi ya sherifu inatseka tsambalo.

Amalawi amene ali ku America, kaya pa sukulu kapena pa ntchito, nkhaniyi ikuwakhudza mwapadera. Zidindo za zala zotengedwa pa ndende ya kaunti zimapita ku FBI, ndipo kuchokera kumeneko zimafika kwa oyang'anira zolowa ndi kutuluka m'dzikolo. Fomu ya DS-160 yopemphera viza imafunsa ngati munthu anamangidwapo, osati ngati anapezeka wolakwa kokha, ndipo fomu yopemphera unzika imafuna kuti uulule ngakhale mlandu umene khoti linafufuta. Choncho amene anagwidwapo n'kumasulidwa apite ku khoti la kauntiyo akatenge chikalata chodindidwa chosonyeza mmene mlandu unathera, achisunge bwino, ndipo poyankha mafomu anene zoona. Bodza pa fomu limabweretsa tsoka loposa kumangidwako.

Kaundula wa omangidwa ayenera kukhala wotsegula. Nthawi yonse imene munthu ali m'manja mwa boma, aliyense akhale ndi ufulu wodziwa dzina lake, kumene ali, amene wamugwira, nthawi imene wagwidwa ndi chifukwa chake, ndipo ziwerengero za ogwidwa ndi za ofera m'ndende zisabisidwe ngakhale tsiku limodzi. Koma boma limene lalengeza kuti lagwira munthu lili ndi ngongole yolengezanso, ndi mawu okweza chimodzimodzi, kuti lamumasula. Mlandu ukathetsedwa, dzina lichoke popanda munthu kupempha kapena kulipira. Chithunzi cha nkhope chisatulutsidwe pokhapokha munthuyo akufunidwa, ndi woopsa kwa anthu, kapena khoti lamupeza wolakwa. Ndipo wopanga malonda ndi manyazi a anzake alangidwe.

Kwathu kuno nakonso, aneneri a polisi amatchula dzina la woganiziridwa, zaka zake, mudzi wake, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo pasanathe ola chithunzi chake chimakhala chitazungulira m'magulu a WhatsApp. Za kumasulidwa kwake sitimva kawirikawiri. Inu owerenga, chikakufikani chithunzi chotere, funsani kaye kuti khoti lanena chiyani musanachitumize kwa ena, ndipo mukamva kuti munthuyo wamasulidwa, falitsaninso zimenezo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Womangidwa ndi woganiziridwa chabe kufikira khoti litagamula.